Dzanja la Insaf ndi Thumba la Soda

Damanhur, 3 Febuluwale 1986

Mwana wanga Fikri,

Mtendere ukhale nawe. Ndine mayi ako Tawhida. Akulemba ndi mng'ono wako Wagdi, ndipo ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena ine, osati zimene akuganiza iyeyo. Kuno tili bwino kupatula maondo anga. Ndalama ya mwezi uno sitinaione, koma sindikudandaula, ndangotchula.

Nkhani ndi iyi. Tameya, zitumbuwa za nyemba zija timagulitsa pa shopu ya malemu bambo ako, yaonongeka. Nyemba ndi zomwe zija, adyo yemwe uja, mafuta omwe aja, soda ndi wa m'thumba lalikulu lija unatitumizira pa ukwati wa Wagdi. Koma tikaiponya m'mafuta sifufuma, imada msanga, ndipo m'kamwa imawawa. Dzulo a Mursi ometa aja analuma kamodzi nkunena kuti, "Wagdi, popeza wandigulitsa sopo, ndipatsenso thaulo ndikasambe." Shopu yonse phwete. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndinalakalaka kulowa pansi.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti chasintha nchiyani m'nyumba muno. Chilipo chimodzi: Insaf, mkazi wa mng'ono wako. Chibwerereni mu Novembala, wopera ndi kukanda nyemba ndi iyeyo. Akazi ena dzanja lawo ndi lodala, ena ayi, zimenezi sanayambe ndine. Manja ake omwe afiira nkung'ambikang'ambika. Chizindikiro china ukufuna chotani?

Uzivala zofunda, akuti kumeneko usiku kumazizira.

Mayi ako

Achimwene, ndi Wagdi uno. Ndalemba monga anenera. Insaf alibe mlandu, amadzuka tonsefe tili mtulo. Tayankhulani nawo amayi. Inu amakumverani chifukwa muli ndi digiri, komanso muli kutali.

Kuwait, 20 Febuluwale 1986

Amayi okondedwa, ndi iwe Wagdi,

Mtendere ukhale nanu. Ndili bwino, zofunda ndikuvala, ndalama ili m'njira.

Amayi, dzanja la munthu silisandutsa nyemba sopo. Likanakhala ndi mphamvu imeneyo, Insaf bwenzi atatsegula fakitale. Tameya ikakana kufufuma, pali chinthu chimene chalakwika m'beseni, ndipo chinthucho chikhoza kupezeka.

Ndikuuzeni ntchito ya soda, popeza ndi amene ndimagwira naye tsiku ndi tsiku. Soda akatenthedwa amatulutsa mpweya. Mpweyawo ndi umene umapanga timabowo m'kati mwa tameya kuti ikhale yofewa. Kuno ku fakitale timathira ufa wa soda m'zitini zofiira zozimitsira moto. Ukaupopera pa malawi umatulutsa mpweya womwewo, moto nkuzima. Ena amamugula kukafufutira zikopa, ena kukasakaniza m'chakudya cha ng'ombe za mkaka. Amene ndinakutumizirani ndi wodya, wabwino kuposa wa ku golosale. Sindinatape wa zozimitsira moto, musayambe kuganiza zimenezo.

Ndiyankheni mafunso awa. Mumathira soda wochuluka bwanji m'beseni limodzi? Mafuta mumakazingira kangati musanawataye? Nanga sodayo mumamusunga pati?

Kuno chinthu chikalakwika sitikhala pansi nkumalozana zala. Timachotsa chinthu chimodzi, zina zonse nkuzisiya momwe zilili, kenako nkuona ngati vuto lapita. Chitani chimodzimodzi. Yambani ndi mafuta. Zikakanika, sinthani nyemba. Zikakanikanso, soda.

Moni kwa alamu anga. Manja awo aziwadzola mafuta.

Fikri

Damanhur, 12 Malichi 1986

Mwana wanga Fikri,

Mtendere ukhale nawe. Ndalama yafika, Mulungu akuonjezere. Kalata yako Wagdi anandiwerengera kawiri, ndipo ndaona kuti sukulu sinapite pachabe.

Soda wako alibe vuto. Ndinamufinyira ndimu, anachita thovu bwinobwino. Shehe anabwera kudzafukiza lubani m'shopu ndi kukhitchini, koma tameya inawawabe, a Mursi nkunena kuti tsopano ndi sopo wonunkhira.

Ndapezanso china. Soda uja wapepuka. Ndinanyamula chitini chake ndekha, ine wa maondo ano. Ife timangotapa timasupuni, ndiye wina yenseyo wapita kuti? Mtsikana wa kwa eni ake, kwawo kuli azichemwali ake anayi, onse ophika. Sindikutchula dzina la munthu.

Choncho ndatsatira malangizo ako. Unati tichotse chinthu chimodzi, zina zonse tizisiye momwe zilili. Ndachotsa Insaf. Lachiwiri ndinamukweza sitima kupita kwa bambo ake ku Kafr el-Dawwar. Tsopano ndikukanda ndekha, tiona.

Mayi ako

Zikomo kwambiri, a Dokotala. Ndinakupemphani kuti muzimitse moto, inu mwatumiza palafini. Ndinayesa kuwaletsa, iwo anandionetsa kalata yanu, chala chili pa mzere umene sangathe nkuwerenga komwe, akuti "Mkulu wako wanena." Mkazi wanga wapita ndi kasutikesi kamodzi, osalira nkomwe, ndipo zimenezo ndi zimene zikundiopsa. Wagdi.

Kuwait, 29 Malichi 1986

Amayi,

Ndinati mafuta, nyemba, soda. Ndawerenganso zimene ndinalemba, mkazi wa munthu mulibemo. Mwatenga nzeru ya ku fakitale nkukapasulira banja, ndipo mwasainira dzina langa.

Za ndimu zija sizikutiuza kanthu. Ngakhale phulusa kapena choko mutazifinyira ndimu zichita thovu. Kodi chokocho mungathire mu tameya?

Za kuba ndiye ndikusowa chonena. Ndani anabapo soda chilengedwere dziko? Kapaketi kake ku golosale ndi kotsika mtengo kuposa machesi. Komabe kupepukako kwandigwira mtima. Ngati chitini chili chodzaza pafupifupi ngati kale koma chapepuka, ndiye kuti palibe watapa, chilipo chachitika ndi sodayo. Wagdi, kachiike pa sikelo ya a golosale, undilembere kulemera kwake.

Ndinafunsa mafunso atatu. Mwandiyankha za shehe, za lubani ndi za azichemwali anayi. Ndikufunsanso limodzi lokha, ndipo ndalemba ndi zilembo zazikulu kuti Wagdi asalidumphe: SODAYO MUMAMUSUNGA PATI?

Wagdi, pita ukamutenge mkazi wako. Uli ndi ndevu.

Fikri

Kuwait, 21 Epulo 1986

Wagdi,

Mtendere. Masabata akupita, kalata palibe. Kaya mwandikwiyira nonse, kaya positi yadya kalata, sindikudziwa. Ngati ndi mkwiyo, kwiyani, koma yankhani funso. Ndinayesa kuimba foni ku famase ya pakona kuti akuitane, anandiuza kuti uli kokazinga ndipo wati ulibe mbale wako ku Kuwait.

Fikri

Kafr el-Dawwar, 18 Epulo 1986

Alamu a Fikri,

Mtendere ukhale nanu. Ndine Insaf, chinthu chimodzi chija munati chichotsedwe. Adiresi yanu ndinaiona pa thumba la soda, ndinaisunga m'mutu. Tinaonana tsiku limodzi lokha, pa chinkhoswe, ndiye musadabwe ngati nkhope yanga simukuikumbuka.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Kuno ndikudya bwino, ndipo manja anga apola, asalala ngati a mwana. Amayi akamva anena kuti ndi umboni wa chinachake, kaya chiyani.

Zoti dzanja langa ndi latsoka ndikanazipirira. Mpongozi aliyense mu Damanhur ali ndi dzanja latsoka chaka choyamba. Koma zoti ndine wakuba, bambo anga akana kuzimeza, ndipo nanenso zandikhala pakhosi. Ndikanaba bwanji? Sodayo sakhala m'nyumba. Pa thumba munalemba nokha kuti asungidwe pa malo ouma. M'nyumba mwanu makoma amachita thukuta nthawi yozizira, ndiye amayi anamukhuthulira m'chitini chachikulu cha mafuta, nkupita nacho kwa a Shehata, osonkha moto ku ng'anjo ya bafa la anthu onse, komwe timakasiya mitsuko ya nyemba za ful kuti zipse pang'onopang'ono mpaka m'mawa. Anati mu Damanhur monse mulibe malo ouma kuposa pamenepo. A Shehata anachiika pa njerwa za pamwamba pa moto. Ndikapita kukatenga mitsuko ndinkatapa soda wa sabata yonse iwo akuona, chitini ndikuchigwira ndi nsanza chifukwa cha kutentha. Akafunseni ngati anandionapo nditanyamula woposa kapu imodzi.

Wagdi wabwera kawiri. Bambo anamulandira, anamupatsa tiyi, nkumuuza kuti, "Mwana wanga, iwe sunamutche wakuba. Amene ananena ndi pakamwa pake abwere ndi mapazi ake." Akuti adikira mpaka Idi ya kumapeto kwa Ramadhani. Ikadutsa amayi asanafike, apita kwa wolemba maukwati kukapempha kuti banja lithe. Bambo anga akanena chinthu sabwereza.

Wagdi ndimamufuna, mumuuze ngati akukuyankhulani. Koma sindibwerera m'nyumba imene anthu aziwerenga masupuni ndikatuluka.

Mlamu wanu,
Insaf

Kuwait, 2 Meyi 1986

Amayi ndi Wagdi,

Yankho limene ndakhala ndikulipempha miyezi yoposa iwiri landipeza kuchokera kwa munthu amene munamuthamangitsa. Soda ali pa ng'anjo ya a Shehata. Nditawerenga ndinatuluka panja kukayendayenda kuti ndisalembe mawu amene mwana salembera mayi ake.

Mvetserani. Ndinakuuzani kuti soda akatenthedwa amatulutsa mpweya. Mpweyawo amatulutsa kamodzi kokha. Inu mwamukhazika pa moto chiyambire Novembala, ndiye mpweya wonse umene umayenera kufufumitsa tameya unathera m'mwamba mwa bafa, anthu akusamba. Pamodzi ndi mpweyawo pamachokanso madzi, nchifukwa chake chitini chapepuka. Soda wotenthedwa amataya kulemera kopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Wakuba wanu ndi ameneyo.

Chotsala m'chitinicho si soda wophikira ayi. Ndi ufa wina, wooneka chimodzimodzi koma waukali, umene amapangira magalasi ndi sopo wa ufa. Suwonjezera mpweya m'mafuta otentha, umadetsa chakudya msanga, umawawa ngati sopo, ndipo umadya khungu la munthu amene akukanda nawo tsiku lililonse. A Mursi ananena zoona tsiku loyamba lomwe, ndipo alibe digiri.

Inde, ndinalemba kuti malo ouma. Ndikanaonjeza kuti ozizira. Sindinaganize kuti pali munthu amene angatenge ufa wozimitsira moto nkukausunga pa moto.

Wagdi, gula kapaketi ka soda ku golosale, za m'chitinizo usathirenso m'chakudya. Ndipo yang'ana manja a amayi, undiuze mmene akuonekera. Amayi, Idi sili kutali. Sitima ya ku Kafr el-Dawwar mukuidziwa, munakwezapo munthu.

Fikri

Damanhur, 19 Meyi 1986

Achimwene,

Mtendere, ndi Ramadhani yabwino. Ndikulemba ndekha, amayi sakudziwa. Za ku famase zija mundikhululukire, ndinali ndi mafuta otentha m'manja ndi m'mutu momwe.

Munalondola. Chichokereni Insaf tameya inkawawabe, ngakhale akukanda ndi amayi. Iwo ankati tsoka limachedwa kutuluka m'makoma. Manja awo ang'ambika mpaka akuwabisa m'mikono ya diresi, ndipo ndikafunsa amati ndi madzi a pampopi.

Kalata yanu sindinawawerengere, ndinaopa kuti ikathera mu mbaula. Ndinagula kapaketi mwakachetechete nkusinthanitsa ndi wa m'kapu yawo. Achimwene, tameya inafufuma ngati masaya a mwana. Madzulo anthu atamasula kusala, mzere unafika mpaka pa famase. A Mursi anadya zisanu ndi imodzi nkunena kuti, "Wagdi, thaulo lija usunge, lero sindisamba."

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinapita kukhitchini kuti ndiulule, ndinapeza amayi akweza manja kumwamba akuthokoza Mulungu. "Waona? Tsoka latuluka. Ndinati chiyani ine? Mtsikana uja atachoka, zonse zabwerera m'malo." Ndinawaonetsa kapaketi, ndinawawerengera kalata yanu yonse. Iwo anati, "Soda ndi soda. Iwe ukufuna mkazi wako, mkulu wako akufuna kuoneka wanzeru, mwagwirizana." Auza kale azakhali ndi msewu wonse kuti zimene ankanena zija zakwaniritsidwa.

Ndiye onani mmene zilili. Tameya yachira, ndipo kuchira kwakeko ndi kumene kwandimalizira banja. Kukanakhala bwino ikanangowawabe. Idi yatsala masabata atatu. Mundiuze china, a Dokotala, koma chonde musanenenso zochotsa chinthu.

Wagdi

Kuwait, 27 Meyi 1986

Amayi,

Kalata ino ndapatsira mnzanga amene akubwera pa ndege, kuti isachedwe. Wagdi, uwerenge pang'onopang'ono, usaonjezere kapena kuchotsa.

Sindikutsutsanani nanu. Ndatopa, ndipo kuno kukutentha moti munthu wosala sangakangane ndi mayi ake. Mwina mukulondola kuti nkhani ndi dzanja. Tiyeni tione.

Perani nyemba monga mwa masiku onse, muzigawe m'mabeseni awiri. Beseni lina muthire supuni ya soda wa m'kapaketi, linalo supuni ya wa m'chitini cha kwa a Shehata. Zonse mukande inu nokha, mukazinge inu nokha, m'mafuta amodzi. Wagdi asakhudze, shehe asafukize. Insaf ali kutali, sangalowetsepo chala.

Ngati nkhani ndi dzanja, tameya zonse zikoma, poti dzanja ndi limodzi, lanu, ndipo tonse tikudziwa kuti ndi lodala. Zikatero ndidzalemba kalata yopepesa, muipachike m'shopu a Mursi aziwerengera anthu.

Koma beseni limodzi likawawa, mudzasankhe nokha chimene mukauze azakhali: kuti chawawitsa ndi soda wa pa ng'anjo, kapena ndi dzanja la Hajja Tawhida. Njira yachitatu palibe.

Bambo ankanena kuti simunanamizepo munthu pa sikelo. Nchifukwa chake sindikupempha mboni.

Mwana wanu,
Fikri

Damanhur, 13 Juni 1986

Mwana wanga Fikri,

Mtendere ukhale nawe, ndi Idi yabwino ngakhale yadutsa. Wagdi ali kokazinga, ndiye akulemba ndi Insaf, ndipo ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena ine. Zilembo zake akuti nzooneka bwino kuposa za amuna nonsenu.

Mabeseni ako awiri aja ndinapanga, osati chifukwa unanena iwe, koma kuti ndikuonetse kuti ukulakwa. Za mmene zinathera sindikuona chifukwa chothera inki. Mphaka wa a Mursi naye anakana.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Idi ifike ndinakwera sitima ndi maondo anga omwewa, thireyi ya makeke a Idi pamiyendo, chitini chija pansi pa mpando. Bambo a Insaf ananditsegulira chitseko nkuima pakhomo ngati msilikali. Anati, "Amake Fikri, mwabwera kudzafufuza m'nyumba mwanga?" Ine ndinati, "Ndabwera ndi wakuba, ndi uyu m'chitinimu. Mnzake ndi moto wa a Shehata, ndipo amene anawatuma ali ku Kuwait, ali ndi digiri." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako Insaf anatuluka, sanandipatse moni, anangondigwira mikono nkukwinya diresi kuona manja anga. Anati, "Amayi, dzanja lanu lili ndi tsoka." Pamaso pa bambo ake! Ndinamusiya chifukwa inali nyengo ya chikondwerero. Anandidzola mafuta a maolivi, tinamwa tiyi dzuwa litalowa, m'mawa tinakwera sitima limodzi.

Ndauza azakhali ako ndi msewu wonse kuti mwana wa eni ake sanabe kanthu, ndipo mlandu ndi wako. Munthu wophunzira amalemba malangizo athunthu. Ukanati malo ouma ndi ozizira, zonsezi sizikanachitika. Usadzabwerezenso.

Tsopano pempho. Za m'chitini zija theka ndinasiyira amake Insaf, theka ndikutsukira. Fikri, chiwaya cha bambo ako chimene chinada iwe usanabadwe chayera mpaka ndikudziona nkhope. Matawulo a a Mursi omwe ayera, moti andipempha kapu imodzi. Ndiye utumize thumba lina lalikulu ngati lija. Ndayankhula kale ndi a Shehata, malo pa ng'anjo atisungira.

Ndalama ya mwezi uno sitinaione. Ndangotchula.

Mayi ako

Alamu, ndalemba monga anenera. Pali mawu amodzi amene andiletsa kulemba pamwambapo, ndipo sindinalembe. Pakhomo pa bambo anga, asanayambe za wakuba wa m'chitini, amayi anandiona kumbuyo kwa bambo nkunena kuti, "Mwana wanga, undikhululukire." Bambo anawauza kuti abwereze chifukwa khutu lawo lina silimva. Anabwereza. Thumbalo mukamatumiza mulembepo chilichonse chimene mukufuna, koma nditumizireninso magolovesi, mapeya awiri. Insaf.